Tchuthi ku Cádiz ndi ana komanso amayi: alipo anafikako?

Nabanda (Leeds):
Moni nonse a pagulu, ndikupempha nzeru. Ana akatsekera sukulu kumapeto kwa Meyi tikufuna tikapumeko ku Spain, ine, bambo a kunyumba, ana awiri ndi amayi anga amene akubwera kuchokera ku Zomba kudzationa. Mnzanga wa kuntchito wandiuza za mzinda wa Cádiz, akuti ndi wakale kwambiri ndipo uli m'mbali mwa nyanja. Sindikufuna malo ongogona pamchenga tsiku lonse, ndikufuna ana aone zinthu aphunzirepo kanthu. Koma amayi bondo limawavuta, sayenda mtunda wautali. Kumayendeka ndi munthu wachikulire? Nanga chakudya, amayi akakadya chiyani kumeneko?

Tadala:
Asisi, bwanji osangopita ku Málaga? Ndege zochokera ku Leeds zimakatera komweko, mukatsika kanthawi kochepa muli m'tauni. Zakale ziliko, nyanja iliko. Cádiz ilibe bwalo la ndege, mukavutika ndi zikwama komanso agogo.

Yamikani (Sevilla):
Zikomo asisi Nabanda. Ine ndili kuno ku Sevilla kusukulu, ndipo ku Cádiz ndimapitako pafupipafupi chifukwa si kutali. A Tadala akunena zoona kuti kulibe bwalo la ndege, koma kufikako sikovuta. Mukatera ku Sevilla kwerani sitima pa siteshoni ya Santa Justa, ulendo wake sukwana maola awiri. Bwalo lapafupi kwambiri ndi la Jerez, kungoti ndege zochokera ku UK kumeneko n'zochepa. Sitima imakakutsitsani pakhomo penipeni pa mzinda wakale, pafupi ndi doko.

Za bondo la amayi musade nkhawa kwambiri. Mzinda wakalewo ndi wathyathyathya, ulibe zitunda, ndipo ndi waung'ono, madzi anauzungulira pafupifupi mbali zonse. Munthu wamphamvu amaudutsa pa theka la ola. Mabwalo okhala ndi mitengo ndi mabenchi ali ponseponse, ndiye amayi akatopa angokhala pansi. Chovuta ndi miyala yoyala m'misewu ina, avale nsapato zafulati. Chinanso, nyumba zambiri zakale zilibe chikepe. Musanalipire malo ogona funsani kuti chipindacho chili pansi kapena pamwamba.

Mai a Takondwa:
Musanafike patali, nkhani ya viza ya amayi mwaiganizira? Viza ya ku UK siilowetsa munthu ku Spain. Viza ya Schengen, imene imalowetsa munthu ku Spain, munthu amaifunsira kudziko limene amakhala, ndiye ngati amayi akubwera kudzangocheza, ayambe adakali ku Malawi. Ofesi ya kazembe wa Spain imene imayang'anira Malawi ili ku Harare, alembereni akuuzeni kokapereka mapepala. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo amafuna inshulansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Amalola kufunsira kudakali miyezi 6, ndiye musadikire. Inunso ngati mudakali pa pasipoti ya kwathu, fufuzani tsiku lokapereka mapepala panopa, nthawi ya tchuthi malo amadzaza msanga.

Nabanda (Leeds):
Zikomo kwambiri Mai a Takondwa. Achimwene anga ku Zomba ayamba kale kusonkhanitsa mapepala a amayi, ndiwatumizira zimenezi usiku uno. Achimwene Yamikani, nanga zoti tikaone ndi ziti?

Bambo Chirwa (Manchester):
Ndiloleni ndilowererepo, poti mbiri yakale ndi imene ndinkaphunzitsa ndisanapume. Mayi Nabanda, mwasankha bwino, ndipo ndikupemphani musasinthe maganizo. Málaga ndi yabwino, koma ku Cádiz mwana amaponda pamalo amodzi n'kuona mibadwo yambirimbiri itasanjikizana.

Anayambitsa mzindawu ndi Afoinike, amalonda a panyanja ochokera ku Turo, mzinda womwe uja timauwerenga m'Baibulo, umene lero uli ku Lebanon. Olemba akale amati anafika cha m'ma 1100 Khristu asanabadwe. Zimene akatswiri afukula pansi zimafika cha m'ma 800 Khristu asanabadwe, komabe zimenezo n'zokwanira kuuika m'gulu la mizinda yakale kwambiri kumadzulo kwa Ulaya imene mpaka lero muli anthu. Ankautcha Gadir. Chinawakoka ndi siliva wa m'dera limenelo, nsomba ndi mchere.

Yambirani ku Museo de Cádiz, pa Plaza de Mina. Pansi penipeni pali mabokosi awiri a maliro osema pamwala woyera, chivundikiro chake anachisema nkhope ndi thupi la munthu. La mwamuna linapezeka mu 1887, la mkazi mu 1980, ndipo onse ndi a zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe. Imani pamenepo nthawi yokwanira. Onani tsitsi la mayiyo, onani kabotolo ka mafuta onunkhira kamene wagwira m'dzanja. Ine ndinayima mpaka akazi anga anandisiya n'kupita kukaona zithunzi zapamwamba. Lolemba amatseka, kumbukirani.

Kenako pitani ku malo otchedwa Yacimiento Gadir, pansi pa nyumba ya zisudzo za zidole. Mumayenda pagalasi, pansi panu mukuona timisewu ndi zipinda za Afoinike, ndi uvuni wawo wophikira buledi. Pamwamba pa zimenezo Aroma anadzamangapo maenje okolezera nsomba ndi mchere. Aromawo anasiyanso bwalo lalikulu la zisudzo m'dera la El Pópulo, limene linakwiririka pansi pa nyumba za anthu mpaka linapezeka mu 1980. Kulowa n'kwaulere.

Tadala:
Aphunzitsi, ana a zaka khumi angapirire zonsezo? Anga akalowa m'nyumba ya zinthu zakale mphindi zochepa ayamba kufunsa za ayisikilimu.

Yamikani (Sevilla):
Ana apite nawo pa Torre Tavira, pamenepo sadzafunsa za ayisikilimu. Pa nsanja zakale zoonera zombo, ndi imene ili pamwamba kuposa zonse mumzinda wakale, mamita 45 kuchokera pa nyanja. M'kati muli chipinda chamdima, padenga anaikapo kalilole ndi magalasi, ndiye chithunzi cha mzinda wonse chimagwera pa chimbale chachikulu choyera pakati pa chipindacho. Si kanema wojambulidwa kale, ndi zimene zikuchitika panja nthawi yomweyo: mayi akuyanika zovala padenga, mbalame zikuuluka, sitima ikulowa padoko. Wofotokoza amatembenuza kaliloleyo n'kumakuonetsani mbali ndi mbali. Lembetsani nthawi pasadakhale pa intaneti ndipo sankhani gulu la Chingerezi. Koma amayi asakwere, masitepe ndi opitirira 170 ndipo chikepe palibe. Akhale pa Plaza de las Flores, ndi pafupi, pali ogulitsa maluwa ndi malo omwera khofi.

Anaphiri:
Ngati amayi ali Akatolika, kapena angakhale a mpingo wina, tchalitchi chachikulu asachiphonye. Anayamba kuchimanga mu 1722 n'kudzamaliza mu 1838, zaka 116, ndipo mukayang'ana kutsogolo kwake muona kuti miyala yapansi ndi yodera, yapamwamba ndi yoyera, chifukwa amisiri ndi mapulani zinkasintha, ndalamanso zinkatha. Denga lake lozungulira ndi la matailosi achikasu, dzuwa likamalowa limawala munthu ali kutali m'mbali mwa nyanja. Pansi pa guwa pali chipinda cha manda chimene chili chotsika kuposa nyanja, mumamveka chinyontho, ndipo m'menemo munagona Manuel de Falla, wopeka nyimbo wobadwira mumzinda womwewo mu 1876. Nsanja ya tchalitchi imakwereka ndi njira yozungulira yopanda masitepe ambiri, koma ndi yotsetsereka ndithu, kwa bondo lovuta ine sindingalimbikitse.

Kumene ine kunandikhudza kwambiri ndi ku Oratorio de la Santa Cueva. Kunja simungadziwe kuti muli kanthu. Pansi ndi chipinda chopanda zokongoletsa, mtanda basi, kumene amuna ankapemphera molapa. Mukakwera pamwamba mupeza kachipinda kowala kokhala ndi zithunzi zitatu za Goya, wojambula wotchuka wa ku Spain. Alendo ambiri safikako, ndiye munthu amatha kupemphera mwabata.

Nabanda (Leeds):
Amayi ndi a CCAP koma matchalitchi akale amawakonda. Ndalemba zonsezi. Nanga chakudya abale? Amayi akapanda kudya nsima masiku awiri amati sanadye.

Mai a Takondwa:
Tengani ufa m'chikwama, mupeze nyumba yokhala ndi khitchini, nkhani yatha. Ndiwo ndiye kumeneko n'kwawo. Msika waukulu, Mercado Central, uli pakati penipeni, ndipo gawo la nsomba lokha amayi adzathera mmawa wonse. Pitani kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka mmawa. Lamlungu ogulitsa nsomba kulibe, ndipo Lolemba nsomba zimachepa chifukwa asodzi sapita panyanja Lamlungu. Pali tinsomba amati boquerones, timene amatiunditsa ufa pang'ono n'kukazinga m'mafuta ambiri. Amayi akatilawa adzati ndi usipa wauwisi wokazinga, kungosiyana kafungo ka nyanja yamchere. M'malo okazingira nsomba amakuikirani m'pepala, mumagula pa sikelo. Mutha kutenga n'kukadyera nsima kunyumba.

Ana ayese tortillitas de camarones, timikate topyapyala ta ufa wa tirigu ndi wa nandolo wakumeneko uja amati garbanzo, muli tinkhanu ting'onoting'ono. Nyama ya nkhumba imalowa m'zakudya zambiri mosaonekera, ndiye ngati wina sadya, funsani.

Yamikani (Sevilla):
Ndionjezepo za nthawi yodyera, chifukwa imasokoneza alendo. Nkhomaliro imayamba cha m'ma 2 koloko masana. Makhitchini ambiri amatseka cha m'ma 4 n'kudzatsegulanso cha m'ma 8 usiku, ndipo eni dziko amadya mgonero 9 koloko kapena kupitirira. Masitolo ang'onoang'ono amatsekanso masana. Ana a ku Leeds ozolowera kudya 6 koloko, muziwasungira kanthu.

Meyi mukupita nthawi yabwino ya nsomba yaikulu ija ya tuna. Miyezi imeneyo imadutsa kuchoka ku Atlantic kupita ku Mediterranean kukaswana, ndipo asodzi a ku Barbate, Conil, Zahara ndi Tarifa amaitchera ndi makoka akuluakulu omangika pansi pa nyanja, njira yakalekale imene amaitcha almadraba. Ndi yodula, koma kagawo kamodzi mulaweko. Nyama yake ndi yofiira, bambo a kunyumba angaganize kuti mwawapatsa ya ng'ombe.

Mphatso (Glasgow):
Pepani ndikhoza kusokoneza chisangalalo, koma pali chinthu chikundivuta. Tonse tikutamanda nsanja, matchalitchi, madenga achikasu. Ndalama zomangira zonsezo zinachokera kuti? Columbus ananyamukira padoko lomwelo mu 1493 pa ulendo wake wachiwiri, ulendo umene unayambitsa utsamunda weniweni ku America. Asisi Nabanda akuti akufuna ana aphunzire. Ndiye aphunzire zonse, osati zokongola zokha. Ine ndinayenda ndi wotsogolera alendo mumzindamo, anatiuza za amalonda olemera, za zombo zodzaza siliva, koma za akapolo sanatchule n'kamodzi komwe. Nditafunsa anangoti zimenezo zinali za Apwitikizi ndi Angerezi. Chikhalirecho pafupi ndi tchalitchi cha Santo Domingo pali kanjira kotchedwa Callejón de los Negros, kutanthauza Kanjira ka Anthu Akuda.

Tadala:
Achimwene Mphatso, munthu akufuna akapume ndi amayi ake. Kodi tikamapita kulikonse tizinyamula chisoni? Ndiye ku Liverpool kapena ku Bristol sitingapondeko.

Mphatso (Glasgow):
Sindikunena kuti asapite, a Tadala. Ku Liverpool anakhazikitsa malo ofotokoza za ukapolo padoko pomwepo, mlendo amadziwa pamene waima. Ku Cádiz ukapanda kufunsa wekha palibe amene akuuze. Ndicho chifukwa chake ndalemba pano.

Bambo Chirwa (Manchester):
A Mphatso akhudza pofunika, ndipo ndikugwirizana nawo, kungoti tisiyanitse nthawi ziwiri kuti ana asamve zosokonekera.

Nthawi yoyamba ndi zaka za m'ma 1700. Mu 1717 mfumu inasamutsa ofesi yoyang'anira malonda onse a ku America, Casa de Contratación, kuichotsa ku Sevilla kupita nayo ku Cádiz. Mtsinje wa Guadalquivir unkadzaza mchenga, zombo zikuluzikulu zinkavutika kufika ku Sevilla. Kuyambira pamenepo katundu wopita ndi wochokera ku Mexico, Peru ndi Cuba ankadutsa padoko limeneli. Amalonda ochokera ku Genoa, France, Ireland ndi Flanders anadzakhazikika. Nsanja zija, zimene zatsala zoposa 100, ankazimanga pamwamba pa nyumba zawo kuti aziona zombo zawo zikamabwera. Chuma chachikulu cha nthawi imeneyo chinali siliva. Ndipo siliva wa ku Potosí, ku Bolivia ya lero, ankakumbidwa ndi eni dziko amene midzi yawo inkakakamizidwa kupereka amuna chaka ndi chaka. Ambiri sanabwerere kwawo. Mumzindamo munalinso akapolo akuda ndi a ku North Africa ogwira ntchito m'nyumba ndi padoko.

Nthawi yachiwiri ndi zaka za m'ma 1800. Spain itataya maiko ambiri a ku America, inatsala ndi Cuba ndi Puerto Rico, ndipo minda ya nzimbe ya ku Cuba inkafuna anthu. Mu 1817 Spain inasayina pangano ndi Britain loti malonda a akapolo atha pofika 1820, koma anapitirira mobisa mpaka zaka za m'ma 1860, ndipo zombo zina zinkakonzedwa ndi kulipiriridwa ndi amalonda a ku Cádiz. Apa ndi pamene nkhaniyi imafika pafupi ndi ife. Zombo za Angerezi zitayamba kulondera kwambiri kumadzulo kwa Africa, ogula anthu ena anayamba kuzungulira kumwera n'kumakatenga anthu ku magombe a Mozambique, ngati ku Quelimane. Ku Cuba kunali akapolo odziwika ndi dzina loti macuá, ndiwo Amakua. Ndipo tonse tikudziwa kuti njira zopita ku magombe amenewo zinkachokera mkati mwa dziko, kuphatikizapo chigwa cha Shire ndi madera a kunyanja kwathu. Ukapolo ku Cuba unadzatha mu 1886.

Nabanda (Leeds):
Aphunzitsi, zimenezi sindinkazidziwa, ndipo zandikhudza. Agogo anga aakazi anali a ku Mulanje, achilomwe. Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka 14, ndikufuna azimve.

Mphatso (Glasgow):
Ndiye mupite naye ku Oratorio de San Felipe Neri. Asilikali a Napoleon anazinga mzindawu kuyambira 1810 mpaka 1812, ndipo m'tchalitchi chimenecho ndi mmene aphungu ankakumana kuyambira 1811. Dziko lonse pafupifupi linali m'manja mwa Afalansa, koma Cádiz sanathe kuilowa chifukwa njira yapamtunda inali imodzi yokha yopapatiza ndipo panyanja panali zombo za Angerezi. Mizinga ikulira kutsidya, aphunguwo analemba malamulo oyendetsera dziko amene anawalengeza pa 19 Malichi 1812. Anthu akumeneko amawanyadira kwambiri. Pa Plaza de España pali chipilala chachikulu chowakumbukira, ndipo mlatho watsopano umene unatsegulidwa mu 2015 anaupatsa dzina la malamulowo. Malamulowo anati ulamuliro ndi wa mtundu wonse osati wa mfumu, anapereka ufulu wosindikiza maganizo, ndipo panali aphungu ochokera ku Mexico, Peru, Cuba mpaka Philippines.

Koma mwana wanu awerenge gawo 22. Limanena kuti anthu amene makolo awo, kumbali ina iliyonse, ndi ochokera ku Africa sakhala nzika zokhala ndi ufulu wonse, pokhapokha nyumba ya malamulo itawapatsa chikalata chapadera atasonyeza ntchito zabwino, atabadwa kwa makolo omwe si akapolo, ndi zina zotero. Mu 1811 phungu wa ku Mexico, wansembe José Miguel Guridi y Alcocer, anapempha kuti ukapolo uthe pang'onopang'ono, ndipo Agustín de Argüelles anapempha kuti malonda a anthu aletsedwe. Eni minda a ku Havana anakana mwamphamvu, nkhaniyo inangofera momwemo. Pakhoma la kunja kwa tchalitchicho pali miyala yambiri yolembedwa yotamanda aphunguwo. Mwana aione, kenako mumuuze za gawo 22.

Bambo Chirwa (Manchester):
Zoona zonsezo. Ndingowonjezera kuti malamulowo sanakhalitse, mfumu Fernando VII atabwerera pampando mu 1814 anawafafaniza n'kumanga ena mwa amene anawalemba. Ine ndimawalemekezabe aphungu aja pa zimene anayesa ali pakati pa nkhondo, ngakhale pa nkhani ya anthu akuda anagonja pamaso pa ndalama za shuga. Khomo loyandikana ndi tchalitchicho ndi Museo de las Cortes. Muli chifanizo cha mzinda wonse chosema ndi matabwa a mahogany ndi minyanga ya njovu, chopangidwa m'zaka za m'ma 1770 polamula mfumu Carlos III. Chimadzaza chipinda. Ana akayang'ane msewu umene mukugona, mwina aupeza, chifukwa misewu yambiri sinasinthe.

Tadala:
Chabwino, ndamva, ndipo za Quelimane zandidabwitsa. Komabe ndikuti asisi asaiwale kuti ana akufunanso kusambira.

Yamikani (Sevilla):
Kusambira kulipo a Tadala, ndipo simuchita kukwera galimoto. La Caleta ndi gombe laling'ono la mumzinda wakale momwemo, pakati pa malinga awiri a asilikali, Santa Catalina ndi San Sebastián. Mafunde ake ndi ofatsa chifukwa miyala imawatchinga. Madzi akaphwa pamatsala timadamu m'miyala, ana amasaka nkhanu mpaka kuiwala nthawi. Ndi gombe la anthu a m'dera la La Viña, amabwera ndi mipando, mapoto a chakudya, agogo akusewera bingo. Amayi sadzaona chachilendo kukhala pamenepo. Kungoti ndi nyanja ya Atlantic, mu Meyi madzi amakhala akuzizirabe. Mukafuna mchenga wautali kwerani basi nambala 1 kupita ku Playa de la Victoria, m'mbali ya mzinda watsopano.

Linga la Santa Catalina mutha kulowa ndi amayi, ndi lafulati. A ku Spain analimanga pambuyo poti Angerezi ndi Adatchi anawotcha mzindawu mu 1596. Zaka zochepa m'mbuyo mwake, mu 1587, Mngerezi Francis Drake anali atalowa kale padoko n'kuwononga zombo zimene zinkakonzekera kukamenya England. Ana anu ophunzira ku UK dzina limenelo akulidziwa, koma kumeneko akalimva mosiyana, amamutcha wachifwamba wa panyanja. Nazonso zombo za Spain ndi France zimene zinagonja kwa Angerezi pa nkhondo ya panyanja ku Trafalgar mu 1805 zinanyamukira padoko lomwelo.

Anaphiri:
Mukakhala ku La Viña pitani pa kamsewu ka Virgen de la Palma. Pa 1 Novembala 1755, tsiku la Oyera Mtima Onse, chivomerezi chimene chinagwetsa Lisbon chinatumiza chimafunde chachikulu chimene chinaswa khoma la kunyanja n'kulowa m'dera limeneli. Anthu ambiri amene anafa anali amene ankathawa kudzera pa njira yopapatiza yopita ku tauni yoyandikana ya San Fernando, madzi anawakokolola. Eni dera amakhulupirira kuti madzi anaima pamene ansembe anatuluka ndi mtanda ndi mbendera ya Amayi Maria, ndipo mpaka lero pa 1 Novembala amayenda ulendo wa mapemphero kukumbukira. Pakhoma pali chithunzi chosonyeza malowo. Madzulo kamsewu komweko kamadzaza matebulo a nsomba.

Chikondi (Dublin):
Ndafika mochedwa koma ndinenepo za malo ogona. Ife tinapanga lendi nyumba m'kati mwa mzinda wakale, yabwino ndithu, koma mayi wina wachikulire woyandikana nafe anatiuza mwaulemu kuti pa nyumba yonseyo mabanja okhalitsa atsala ochepa, zipinda zina zonse ndi za alendo. Ana ake anasamukira ku San Fernando ndi ku Chiclana chifukwa lendi inakwera. Mzindawu ulibe kokulira, madzi mbali zonse. Mu 1981 unali ndi anthu pafupifupi 157,000, lero atsala pafupifupi 110,000. Ntchito n'zosowanso, achinyamata ambiri amachoka. Sindikuletsa kupanga lendi, poti ndi amayi mukufunika khitchini, koma onetsetsani kuti nyumbayo ili ndi nambala ya chilolezo cha boma la Andalucía, ndipo usiku ana asamathamange m'makonde. Nyumba zimenezo zili ndi bwalo pakati, phokoso limakwera mpaka pamwamba.

Mai a Takondwa:
Eetu. Ndipo moni musamuiwale. Mukalowa m'sitolo kapena kukumana ndi munthu pamasitepe, buenos días kapena buenas tardes. Chingerezi sichimveka paliponse, makamaka kwa achikulire, koma ndi anthu ocheza, mukayesa mawu awiri atatu amakuthandizani mpaka ndi manja.

Nabanda (Leeds):
Funso limene bambo a kunyumba andituma: anthu akuda amalandiridwa bwanji? Sitikufuna amayi akakhumudwe pa ulendo wawo woyamba.

Yamikani (Sevilla):
Ndinena zimene ndaona ine, ena anene zawo. Ku Cádiz sindinachitidwepo chipongwe. Kuyang'anitsitsa kulipo, makamaka kwa achikulire, ndipo nthawi zina munthu amayamba wakuyesa wogulitsa zinthu pagombe chifukwa anyamata ambiri a ku Senegal amagwira ntchito imeneyo. Chigawo chimenechi ndi chimene chili moyang'anizana ndi Morocco, ku Tarifa mpata wake ndi makilomita 14 okha, ndipo kwa zaka zambiri anthu akhala akuwoloka pa timaboti, ena n'kumira. Choncho apolisi amatha kufunsa mapepala m'masiteshoni. Yendani ndi mapasipoti, kapena mafotokope ake ngati mukungopita kugombe. Amayi atavala chitenje ndi duku, ndikukhulupirira azimayi a pamsika adzawaimitsa kuwafunsa kumene anagula.

Chikondi (Dublin):
Ifenso sitinakumane ndi vuto. Chimene chinatisowetsa mtendere ndi gulu la alendo a sitima zikuluzikulu zapamadzi. Zimakocheza pafupi penipeni ndi Plaza de San Juan de Dios, ndiye kuyambira cha m'ma 10 mmawa njira yochoka pamenepo kupita ku tchalitchi chachikulu imadzaza. Pitani mmawa kwambiri kapena madzulo iwo atabwerera. Pakati pa tsiku thawirani ku Parque Genovés kapena ku Alameda Apodaca, kuli mithunzi ya mitengo ikuluikulu ya mtundu wa kachere ndi mabenchi oyang'ana kunyanja.

Bambo Chirwa (Manchester):
Mayi Nabanda, pempho langa limodzi. Musapange ndandanda yodzaza. Malo amodzi mmawa, nkhomaliro, kupuma, kenako kugombe kapena kuyenda pang'ono m'mbali mwa khoma la Campo del Sur dzuwa litapepa. Amayi atsogole liwiro. Ndipo tsiku limene mudzapite ku San Felipe Neri, amayi akhalepo pamene mukufotokozera mwana. Anthu a msinkhu wawo a ku Zomba ndi Mulanje anamva kwa agogo awo nkhani za anthu ogwidwa ndi midzi yothawira kumapiri, zimene m'mabuku a sukulu za kuno mulibe. Mwana amve kuchokera pakamwa pawo.

Nabanda (Leeds):
Ndamva aphunzitsi, ndidzatero. Tagwirizana kuti tikatera ku Sevilla, ndipo ndapeza nyumba yapansi pafupi ndi Plaza de Mina, ndikudikira andiyankhe za nambala ya chilolezo ija. Viza ya amayi ikatuluka ndi pamene ndilipire. Achimwene Yamikani, mwana wamng'ono akufuna kukwera boti, kuliko lotsika mtengo?

Yamikani (Sevilla):
Liliko. Padoko pafupi ndi siteshoni pamanyamuka boti lopita ku El Puerto de Santa María, ndi lina lopita ku Rota. Ndi la anthu opita kuntchito, ndiye mtengo wake ndi mayuro ochepa chabe, ulendo wa theka la ola. Amayi akhoza kukwera, polowera pake ndi posavuta. Pobwerera khalani panja kumbuyo, muona mzinda wonse ndi mlatho watsopano uja. Koma yang'anani za mphepo. Kukaomba levante, mphepo yotentha yochokera kummawa, boti limaimitsidwa ndipo amakukwezani basi m'malo mwake. Imatha kuomba masiku angapo motsatizana, ndiye mukaona tsiku labata kwerani tsiku lomwelo, musasungire lomaliza. Tsiku la levante ku Victoria mchenga umalasa m'miyendo, pitani ku La Caleta kumene nyumba zimatchinga.

Tadala:
Asisi mukabwerako mutiuze mtengo wa sitima ya ku Sevilla kwa anthu asanu. Ngati si wokwera kwambiri, mwina nanenso ndipita ndi anga mu Okutobala.